Tsiku Limene Silinakhaleko

Kalaliki wa pa ofesi akalandira kalata ya wantchito yopempha tchuthi kuyambira Lolemba kufikira Lachisanu, amayamba waŵerenga pa zala asanalembe kanthu m'buku. Akaŵerenga ndi Lolemba lomwe, apeza masiku asanu. Akachotsera deti loyamba pa deti lomaliza, monga momwe anaphunzirira masamu ku sukulu, apeza masiku anayi. Mayankho onse aŵiriŵa ali ndi pogwira pake, ndipo kalaliki wozoloŵera ntchito sachedwa kusankha, pakuti amadziŵa chimene bwana wake akufuna. Kompyuta sidziŵa chimene bwana akufuna. Imatsata zokhazo zimene munthu anailembera, ndipo ikaphonya tsiku limodzi, imaphonya tsiku lomwelo pa wantchito aliyense ndi pa ngongole iliyonse, mwezi ndi mwezi, popanda kukayika kapena kuchita manyazi.

Nkhani ino ikukhudza anthu amene ntchito yawo ndi kulemba malangizo oyendetsera makompyuta. Malangizo otere amatchedwa pulogalamu, dzina lofanana ndi la mapulogalamu a pa wailesi, ngakhale kuti zinthu ziŵirizi n'zosiyana. Pa ntchito imeneyi pali kachinthu kamodzi kamene wophunzira amakaona ngati kamaseŵera, pamene okhwima pa ntchito amakaopa: kupeza kuchuluka kwa masiku a pakati pa madeti aŵiri. Samakaopa chifukwa chakuti masamu ake ndi ovuta. Amakaopa chifukwa pulogalamu yolakwika pa nkhani ya masiku imapereka yankho loona pafupifupi tsiku lililonse. Mwini wake amaiyesa pa tsiku limene wailemba, naona kuti zonse zili bwino. Amaiyesanso m'maŵa mwake, nakhutira. Cholakwacho chimagona phee kwa zaka ziŵiri kapena zinayi, kenaka chimadzuka pa tsiku limodzi lokha limene mwini wakeyo sanaliganizire. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu ali ndi mwambo wopereka ntchito yawo kwa munthu wina kuti aiunike isanatuluke.

Gwero la vutoli lili kumwamba. Nyengo za chaka zimabwerera m'malo mwake pakapita masiku 365, maola asanu ndi mphindi pafupifupi 49. Palibe kalendala imene ingalembe chidutswa cha tsiku, motero anthu akale anafunafuna njira yosungira maola otsalawo. Julius Caesar, wolamulira wa Aroma, anakhazikitsa kalendala imene inayamba kugwira ntchito m'chaka cha 45 Khristu asanabadwe, ndipo lamulo lake linali lapafupi: chaka chachinayi chilichonse chikhale ndi masiku 366. Chaka chotere, chimene Febuluwale wake amafika pa 29, m'nkhani ino chitchedwa chaka chotalika. Omvera angaone okha mmene chimaloŵerera m'masamu. Kuchokera pa 6 Julayi 1964 kufika pa 6 Julayi 1966 panapita masiku 730, koma zaka ziŵiri zotsatira, kufika pa 6 Julayi 1968, zinali ndi masiku 731.

Lamulo la Caesar linkatenga maola otsalawo ngati asanu ndi limodzi ndendende, motero linkapyola ndi mphindi pafupifupi 11 pa chaka. Mphindi 11 si kanthu pa moyo wa munthu mmodzi, koma pakapita zaka 128 zimakwana tsiku lathunthu. Pofika m'zaka za m'ma 1500, kuŵerengera kuyambira pa msonkhano wa mpingo wa ku Nicaea wa m'chaka cha 325, kalendala inali itasiyana ndi nyengo ndi masiku khumi, ndipo akuluakulu a mpingo ku Rome anada nkhaŵa pakuti tsiku la Pasaka linali kusuntha. M'chaka cha 1582 Papa Gregory XIII analamula kuti masiku khumiwo adumphidwe. Anthu a ku Italy, Spain ndi Portugal anagona Lachinayi pa 4 Okutobala nadzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. Kuti vutolo lisabwererenso, lamulo linakonzedwa motere: chaka chimene nambala yake igaŵika ndi 4 popanda chotsala chikhale chotalika, koma chimene igaŵika ndi 100 chisatalike, pokhapokha igaŵikenso ndi 400. Chomwecho zaka za 1600 ndi 2000 zinali zotalika, pamene 1700, 1800 ndi 1900 sizinali, ndipo 2100 sichidzakhala chotalika.

Maiko ena anachedwa kulandira kalendala ya Papa. Britain ndi maiko amene ankawalamulira anasintha m'chaka cha 1752, ndipo iwo anadumpha masiku 11, osati khumi, pakuti chaka cha 1700 chinali chitawonjezera tsiku lina pa kusiyanako: Lachitatu pa 2 Seputembala linatsatidwa ndi Lachinayi pa 14 Seputembala. Russia anadikira kufikira 1918.

Apa pali msampha umene uyenera kumveka bwino, chifukwa zotsatira zonse zatsamira pamenepa. Pakati pa chaka cha 1901 ndi cha 2099, lamulo lalifupi la Caesar ndi lamulo lalitali la Gregory amagwirizana pa zaka zotalika. Chaka cha 2000, chimene chikadaulula kusiyana kwake, chinapezeka kuti n'chogaŵika ndi 400. Palibe wolemba mapulogalamu aliyense wamoyo lero amene anaonapo ndi maso ake chaka chachinayi chikupita popanda 29 Febuluwale. Munthu angathe kugwiritsa ntchito theka la lamulo moyo wake wonse osadziŵa kuti lili ndi theka lina.

Pofuna kupeŵa chisokonezo cha miyezi yosalingana ndi zaka zosalingana, olemba mapulogalamu amatsata njira imene akatswiri a nyenyezi anaitulukira makompyuta asanabwere. Amasankha tsiku limodzi lakale kukhala poyambira, kenaka tsiku lililonse lotsatira amalipatsa nambala yake motsatana, ngati mmene amachitira polemba manambala a malisiti. Zikatero, kupeza masiku a pakati pa madeti aŵiri kumangokhala kuchotsera nambala yaing'ono pa yaikulu. Njirayi ndi yabwino, malinga manambalawo aŵerengedwa molondola kuchokera poyambira paja.

Mu Januwale 1983 kunatuluka pulogalamu yotchedwa Lotus 1-2-3. Inkaonetsa pa kompyuta tsamba la mizere ndi timabokosi, lofanana ndi buku la kalaliki wa za ndalama, ndipo inkaphatikiza ndi kuchotsera manambala yokha. Inatchuka kwambiri m'maofesi a ku America. Tsiku lake loyambira linali 1 Januwale 1900, limene inalipatsa nambala 1, ndipo inatenga 1900 ngati chaka chotalika. Pamene kampani ya Microsoft inapanga pulogalamu yake yopikisana nayo, yotchedwa Excel, imene lero imapezeka m'maofesi ambiri kuphatikizapo a ku Malaŵi, inafuna kuti anthu asamutse zolemba zawo zakale kuchokera ku Lotus popanda madeti kusokonekera. Chotero inatengera manambala a Lotus monga analili, ndi cholakwa chomwe.

Chimene chinachitika pambuyo pake chikudziŵika chifukwa munthu amene anali pakati pake, Joel Spolsky, anachisimba m'nkhani imene analemba m'chaka cha 2006. Iye anayamba ntchito ku Microsoft, mu mzinda wa Redmond m'chigawo cha Washington, m'chaka cha 1991, ali mnyamata wongotuluka kumene ku sukulu ya ukachenjede. Anampatsa udindo wolongosola mmene chinenero cholembera mapulogalamu chotchedwa Basic chingalumikizidwire ndi Excel, kuti anthu azitha kuiuza Excel kuchita yokha ntchito zobwerezabwereza. Chikalata chimene analemba chinafika pafupifupi masamba 500. Masiku amenewo ntchito yaikulu iliyonse inkayenera kuunikidwa ndi mkulu wa kampaniyo, Bambo Bill Gates, pamaso pa gulu, ndipo tsiku la mnyamatayu linaikidwa pa 30 Juni 1992.

Kutatsala tsiku limodzi, Spolsky anali kufananitsa mmene Excel ndi Basic zimasungira madeti, ndipo anapeza chinthu chozunguza mutu. Kwa Excel, nambala 1 inali 1 Januwale 1900. Kwa Basic, nambala 1 inali 31 Disembala 1899. Ziŵirizi zinayenera kusiyana ndi tsiku limodzi pa deti lililonse. Koma atayesa deti la tsiku limenelo, manambala anafanana. Munthu wina akadanena kuti popeza zikugwirizana palibe chodandaulitsa, nakagona. Iye sanamvetse chifukwa chimene zinthu zoyambira posiyana zinafikira pamodzi, ndipo anapita kukafunsa katswiri wina amene anakhalitsa pa ntchito ya Excel, Bambo Ed Fries.

Bambo Fries sanamuuze yankho. Anamuuza kuti aone nambala ya 28 Febuluwale 1900, ndipo inali 59. Anamuuzanso kuti aone ya 1 Malichi, ndipo inali 61. Atamfunsa kumene kwapita 60, mnyamatayo anayankha msanga kuti ndi 29 Febuluwale, popeza 1900 igaŵika ndi 4. Anayenera kuima kaye n'kufufuza theka lina la lamulo lija asanaone kuti tsiku la nambala 60 silinakhaleko pa dziko lapansi. Bambo Fries anafotokoza kuti Excel inalandira tsikulo mwadala kuti igwirizane ndi Lotus, ndipo anaganiza kuti mwina a Lotus nawonso anachita dala, pakuti makompyuta a nthaŵi imeneyo anali ndi malo ochepa kwambiri osungiramo pulogalamu, ndipo kuyesa ngati nambala igaŵika ndi 4 ndi ntchito yaifupi kwa kompyuta kuposa kutsata lamulo lonse. Koma amene anapanga Basic anakana kulandira tsiku labodza. M'malo mwake anabweza poyambira pawo ndi tsiku limodzi, kotero kuti kuyambira pa 1 Malichi 1900 kupita m'tsogolo manambala onse amafanana, ndipo kusiyana kumatsala m'miyezi iŵiri yokha.

M'maŵa mwake msonkhano unachitika. M'chipindamo munali mabwana a mnyamatayo motsatana maudindo awo, ndipo Spolsky akusimba kuti munalinso munthu woŵerenga kuti Bambo Gates atukwana kangati, pakuti kuchepa kwa kutukwanako ndiko kunali chizindikiro chakuti zinthu zayenda bwino. Bambo Gates analoŵa atanyamula chikalata chija. Mnyamatayo atachiyang'anitsitsa anaona kuti m'mphepete mwa tsamba loyamba munali ndemanga zolembedwa pa manja, ndipo chimodzimodzi pa tsamba lachiŵiri, ndi pa masamba onse kufikira kumapeto. Munthu woyendetsa kampani ya antchito zikwizikwi anali ataŵerenga masamba onsewo m'tsiku limodzi.

Mafunso anayamba ndi apafupi, nanka navutiravutira. Lomaliza linali la masiku. Bambo Gates anafunsa ngati panali munthu amene anayang'anadi tsatanetsatane wa nkhaniyi, ndiponso ngati njira zonse zoŵerengera madeti ndi nthaŵi za mu Excel zidzapereka mayankho ofanana mu Basic. Spolsky anayankha kuti inde zidzafanana, kupatula pa Januwale ndi Febuluwale wa 1900. M'chipindamo munati zii. Bwana wake ndi woŵerenga kutukwana uja anayang'anana, osadziŵa chimene chinachitika m'miyezi iŵiri imeneyo. Bambo Gates anavomera, nayamikira ntchitoyo, natenga chikalata chawo n'kutuluka. Woŵerenga kutukwana uja anapeza kanayi kokha, chiŵerengero chotsika kuposa chilichonse chimene anthu ankakumbukira. Pambuyo pake mnyamatayo anauzidwa kuti chizoloŵezi cha Bambo Gates chinali kufunsa mafunso ovutiravutira kufikira munthu avomere kuti sakudziŵa, pofuna kuona ngati wagwiradi ntchito yake ndi manja aŵiri.

M'nkhaniyi muli zinthu ziŵiri zoyenera kuzilingalira. Choyamba ndi mtundu wa yankho limene linakhutiritsa wounikayo. Mnyamatayo sananene kuti zonse zili bwino. Anatchula malo enieni pamene ntchitoyo ikulephera, ndi malire ake. Bambo Gates anali wolemba mapulogalamu iwo eni, amene m'chaka cha 1975 analemba Basic ya kompyuta yotchedwa Altair pamodzi ndi mnzawo Paul Allen, ndipo ankadziŵa kuti munthu wonena kuti masamu a masiku alibe banga kaŵirikaŵiri amakhala kuti sanayang'ane. Chachiŵiri n'chakuti kuunika kumene kunapindula kwenikweni sikunali kwa m'chipinda cha mabwana. Kunali kwa dzulo lake, pamene wachinyamata anagogoda pa khomo la wamkulu chifukwa cha kachinthu kamene kanali kugwirizana popanda chifukwa chomveka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Akadapanda kufunsa, funso lomaliza lija likadampeza manja ali m'khosi.

Wounika wodziŵa ntchito sayamba ndi kuŵerenga pulogalamu kuchokera pamwamba kufika pansi ngati kalata. Amayamba ndi kufunsa za malekezero. Funso loyamba ndi la kalaliki uja: kodi tsiku loyamba ndi lomaliza aŵerengedwa onse, kapena limodzi lokha? Aliyense amene anazikapo mpanda amadziŵa kuti mizati khumi ya mumzere ili ndi mipata isanu ndi inayi, ndipo mikangano yambiri ya masiku imabuka chifukwa wina akuŵerenga mizati pamene mnzake akuŵerenga mipata. Masamu sangathetse mkangano umenewu. Mwini ntchito ndiye ayenera kunena ngati wodwala wogonekedwa Lolemba n'kutulutsidwa Lachiŵiri alipira tsiku limodzi kapena aŵiri, ndipo wounika wabwino amabweza pulogalamuyo kufikira yankho litalembedwa poyera.

Nkhani ya miyezi ndiyo yoterera koposa. Munthu akabwereka ndalama pa 31 Januwale n'kulonjeza kubweza pakatha mwezi, tsiku lobweza ndi liti? Febuluwale alibe 31. Mapulogalamu ena amaima pa tsiku lomaliza la Febuluwale. Ena amasefukira m'mwezi wotsatira n'kufika pa 3 Malichi m'chaka wamba. Onsewo amatsata malamulo awo mokhulupirika, koma wobwereka ndi wobwereketsa sangagwirizane ngati aliyense akhulupirira pulogalamu yake. M'misika ina ya ndalama anathana ndi vutoli mwa kupangana kuti poŵerengera chiwongoladzanja mwezi uliwonse ukhale wa masiku 30 ndipo chaka chikhale cha masiku 360, pangano limene palibe kalendala imene ingalivomereze koma limene limathetsa milandu. Mu Excel momwemo muli njira yotchedwa DATEDIF, yopezera kusiyana kwa madeti m'zaka, miyezi ndi masiku, imene inasungidwa chifukwa cha zolemba zakale za Lotus. Kampani ya Microsoft imachenjeza yokha kuti mbali ina ya njirayi, yopeza masiku otsala pamwamba pa miyezi yathunthu, ingapereke yankho lolakwika, ngakhale nambala yochepera pa ziro.

Palinso funso la malo. Ambiri amaŵerenga maola a pakati pa nthaŵi ziŵiri n'kugaŵa ndi 24, poganiza kuti tsiku lililonse lili ndi maola 24. Ku Malaŵi, kumene mawotchi sasinthidwa ndi nyengo, wolemba wotere angayese pulogalamu yake chaka chonse osaona vuto. Koma ku Britain mawotchi amapititsidwa m'tsogolo ndi ola limodzi Lamulungu lomaliza la Malichi, nabwezedwa Lamulungu lomaliza la Okutobala, kotero kuti chaka chilichonse kumeneko kuli tsiku la maola 23 ndi lina la maola 25. Dziko la Samoa linachita zoposa apa: m'chaka cha 2011, pofuna kuti masiku ake a ntchito afanane ndi a Australia ndi New Zealand, linachoka Lachinayi pa 29 Disembala n'kudumphira Loŵeruka pa 31 Disembala. Poona zonsezi, langizo limene ounika ambiri amapereka kwa wophunzira limakhala lomukhumudwitsa pang'ono: kuti asalembe yekha masamu a masiku, koma agwiritse ntchito zida zolembedwa kale zimene anthu ambiri aziyesa. Ngakhale opanga zinenero za makompyuta anapunthwapo. Chinenero cha Java chinakhala zaka zambiri ndi zida za madeti zimene olemba ankadandaula nazo, kufikira m'chaka cha 2014 pamene chinalandira zatsopano, m'ntchito imene anaitsogolera ndi Stephen Colebourne.

Chimene chimachitika malekezero akapanda kufunsidwa chinaoneka pa 31 Disembala 2008. Kampani yomweyo ya Microsoft inali kugulitsa kachipangizo kam'thumba komvera nyimbo kotchedwa Zune, kamene mtundu wake woyamba unatuluka mu Novembala 2006. M'maŵa wa tsiku lomaliza la 2008, eni ake a mtundu woyambawo anapeza kuti tizipangizo tawo tauma gwa pongoyatsa, tonse pa tsiku limodzi, m'maiko osiyanasiyana. Cholakwacho chinapezeka m'mizere yoŵerengeka ya pulogalamu yoyendetsa wotchi ya m'katimo, imene inachokera ku kampani ina yopanga zipangizo za magetsi.

Mizere imeneyo ndi yosavuta kuimvetsa ngakhale kwa munthu amene sanagwirepo kompyuta. Wotchiyo inkasunga nambala ya masiku kuyambira pa 1 Januwale 1980. Kuti ipeze chaka, pulogalamu inkachotsa masiku a chaka chimodzi chimodzi, ndipo lamulo lake linali lakuti ipitirize kuchotsa malinga otsala aposa 365. Pa chaka wamba inkachotsa 365. Pa chaka chotalika inkachotsa 366, koma pokhapokha otsalawo aposa 366. Tsono pa tsiku lomaliza la 2008 otsala anali 366 ndendende. Nambalayi inaposa 365, motero pulogalamu sinaloledwe kuima. Sinapose 366, motero sinaloledwe kuchotsa. Inangozungulira pamalo amodzi ngati mbuzi yomangidwa pa chikhomo, kufunsa funso lomwelo ndi kulandira yankho lomwelo kufikira batire litatha. Langizo la kampaniyo kwa eni ake linali lakuti asiye batire lithe, adikire kufikira masana a pa 1 Januwale 2009, kenaka atchajenso. Tsiku litasintha, otsala anakhala 367, ndipo zonse zinayambanso kuyenda.

Pamenepa kampani yaikulu chotere inalibe poŵiringulira. Munthu wokhala ndi pensulo ndi pepala, woyesa manambala atatu okha, 365, 366 ndi 367, akadapeza cholakwacho tiyi asanazizire. Kachipangizoko kanagwira ntchito bwino zaka ziŵiri, ndipo zaka ziŵirizo sizinatsimikizire kanthu, pakuti munalibe tsiku la 366. Ndiponso sikunali koyamba kuti tsiku limeneli ligwetse anthu. Kumapeto kwa 1996, makompyuta oyang'anira ng'anjo zosungunulira aluminiyamu ku Tiwai Point m'dziko la New Zealand anazima chifukwa pulogalamu yake sinkadziŵa tsiku la 366, ndipo ng'anjo zina zinawonongeka.

Tsiku la 29 Febuluwale nalonso lili ndi mbiri yake. M'chaka cha 2012 makompyuta a Windows Azure, amene makampani ambiri amabwereka kudzera pa intaneti, anasokonekera kwa maola ambiri. Pulogalamu ina inkapanga zikalata za chitetezo zogwira ntchito chaka chimodzi, ndipo inkapeza tsiku lothera mwa kungowonjezera 1 pa nambala ya chaka. Pa tsiku limenelo yankho linali 29 Febuluwale 2013, deti losapezeka pa kalendala, ndipo zikalatazo zinakanika kupangidwa. Pa 29 Febuluwale 2024 oyendetsa galimoto ambiri ku New Zealand analephera kugula petulo pa mapampu odzilipirira okha, chifukwa makina olandira malipiro anakana tsikulo.

Zolakwa zimenezi zinakonzedwa m'maola kapena m'masiku oŵerengeka. Cha Excel n'chosiyana, pakuti chinaloŵa m'maziko. Kampani ya Microsoft inafotokoza poyera kuti ikuchidziŵa, ndi kuti kuchikonza kungabweretse mavuto oposa kuchisiya: pafupifupi deti lililonse m'zolemba zonse zimene anthu asunga lingasunthe ndi tsiku limodzi, ndipo mapulogalamu ena odalira manambala omwewo angasiye kugwirizana nayo. Kuchisiya kumavuta okhawo ofuna madeti a Malichi 1900 asanafike, amene ndi ochepa. Madzi akatayika saoleka. N'chifukwa chake 1 Januwale 2000 ali ndi nambala 36,526 mu Excel, pamene kuŵerenga koona kuchokera poyambira pomwepo kukadapereka 36,525.

Panali njira ina yozemba vutoli, ndipo nayonso inabala mwana wake. Excel yoyambirira ya makompyuta a Macintosh inkaŵerenga masiku kuyambira pa 1 Januwale 1904, motero sinkakumana ndi chaka cha 1900 n'komwe. Koma njira ziŵirizi zimasiyana ndi masiku 1,462, ndipo munthu akakopera madeti kuchokera m'tsamba la njira ina kuloŵetsa m'la inzake, angathe kupeza kuti onse asuntha ndi zaka zinayi ndi tsiku limodzi. Pamene kalembedwe ka mafayilo a Excel kanaperekedwa kuti kakhale muyezo wovomerezeka, m'chaka cha 2006, tsiku labodza lija linaloŵanso momwemo, ndipo akatswiri a m'maiko osiyanasiyana anatsutsana kwambiri ngati n'koyenera kuti muyezo wotere usunge cholakwa cha m'chaka cha 1983.

Omvera amene ali ndi Excel pa ofesi angayese okha. Alembe nambala 60 m'kabokosi kamodzi, kenaka auze kompyuta kuti iisonyeze ngati deti. Idzalemba 29 Febuluwale 1900. Akaifunsa kuti linali tsiku lanji la mlungu, idzayankha kuti linali Lachitatu.